A Kafanikhale ndi Khadi la Shukuru

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1961 m'mudzi muno mwa Chimphanje, kuseri kwa mlambe uwo mukuuona kumbuyo kwa tenti ya amayi. Dzina lawo ndi a Edmund Kafanikhale, mfunda wawo Phiri, ndipo anali achiwiri mwa ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Anderson, mng'ono wawo wowaponda pamutu. Abambo a mpingo, mafumu, abale athu achisilamu ochokera ku Senga Bay, akuluakulu a zamasewera amene mwachokera ku Salima, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza malirowa, mundilole ndiwerenge zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Achimwene anga ankadana ndi nkhani yodumphadumpha, ndipo ndikabisa kanthu lero sindigona.

Mu 1968 anayamba sukulu pa pulaimale ya mishoni. Mayeso a Sitandade 8 analemba kawiri, mu 1975 ndi mu 1976, koma mwayi wa sekondale sunawagwere. Si kuti mutu unali wouma, ayi. Vuto linali mafunso. Aphunzitsi akanena kuti dziko limazungulira, iwo dzanja m'mwamba, kufuna kudziwa chifukwa chake madzi a m'nyanja satayika. Anzawo anawapatsa dzina loti Bwanji, ndipo akuluakulu ena pano mpaka dzulo amawaitana choncho. Amayi athu ankati n'zoona safunsa anadya phula, koma mwana uyu adzafunsa mpaka njuchi zitatopa.

Kumene sankafunsa kanthu kunali pa bwalo la mpira. Mwendo wawo wamanzere unali wina! Ankasewera kutsogolo mu timu ya m'mudzi muno, imene mwini wake anali bambo wina wa maboti awiri, amenenso anatisiya kale. Mu Juni 1981 kunabwera timu ya kampani ina ya malole ya ku Lilongwe kudzasewera mpira wa chibale. Malemu anagoletsa zigoli zitatu, chimodzi atavula nsapato chifukwa inkawathina. Sabata isanathe timu ya ku Lilongweyo inawatenga. Amayi analulutira, ife tinavina mpaka fumbi koboo, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ku Lilongwe anasewera zaka zitatu. Pa 21 Julayi 1984 anathyoka mwendo womwewo, pawiri, m'munsi mwa bondo. Kampani inawasamala mwezi umodzi. Atangochotsa chikhakha anawapatsa kalata yoti ntchito yatha, ndipo anabwera pa sitima ya pamtunda ali ndi ndodo ndi jezi imodzi m'kachikwama. Atafika kuno ndi pamene asodzi anawauza chimene tonse tinali titachimva kale koma tinkaopa kunena: mwini timu uja anawasinthanitsa ndi injini ya boti. Munthu wina akanatenga chikwanje. Iwo anapita kugombe, nakayang'ana injiniyo mbali zonse, nafunsa mwaulemu kuti mtengowo anaupanga ndani, nanga anayeza chiyani, liwiro kapena msinkhu. Kenako anapempha ganyu yokapa madzi m'boti lomwelo, nagwira zaka ziwiri. Ankakonda kutiseketsa kuti mwendo wawo unagwira ntchito zaka zitatu, koma injini yake inagwira khumi ndi zinayi. Ife tinkaseka, koma kunena zoona zinkatipweteka.

Pa 12 Sepitembala 1987 anamanga ukwati woyera ndi mayi Scholastica Nambewe, mphunzitsi amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Dedza. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Malemu anayamba bizinesi yogula usipa, kuyanika pa thandala ndi kutumiza ku Lilongwe, ndipo ndi usipa umenewo anaphunzitsa ana onse. Alamu anga awa anapirira zambiri, makamaka mafunso a m'mamawa munthu asanasukusule.

Mu 1996 anayambitsa timu ya Ncheni United, anyamata amene avala zobiriwira apowa. Pano ndifotokoze pang'ono chifukwa cha amayi ndi ena osatsata mpira. Wosewera aliyense wa mu ligi amakhala ndi khadi, lokhala ndi chithunzi chake ndi dzina la timu yake. Sangakasewere timu ina pokhapokha mwini timu atasaina chikalata chomumasula. Makhadi a Ncheni malemu ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, kunsi kwa bedi, ndipo ngakhale alamu anga sankachikhudza posesa.

Kuyambira zaka zimenezo, ine ndi achimwene tinali ndi mkangano umodzi umene sunathe, ndipo amayi ogula nsomba pa thandala anatopa nawo. Iwo ankati boma lilowererepo pa mpira. Ankafunsa kuti bwanji sikelo ya wogula chimanga amaiyeza, minibasi amaiyeza mabuleki, koma munthu wogula miyendo ya mwana wa mwini palibe amamufunsa kanthu. Ankafunsa kuti ndalama za pachipata, zimene anthu amalipira dzuwa likuswa mtengo, amaziona ndani zikalowa m'kachipinda, nanga bwanji timu imafa tsiku lomwelo kampani ikasintha bwana. Chitsanzo chawo chinali chilumba cha Mbenji. Ankati utaka ulipo pachilumba paja chifukwa pali lamulo: mvula ikayamba chitsekedwe, mowa ayi, juga ayi, ndipo wolakwa amakwezedwa boti tsiku lomwelo. Ine ndinkawayankha kuti Mbenji amasunga ndi eni ake, osati anthu a mataye. Ndinkati boma likagwira mpira, timu ya nduna sidzatuluka mu ligi mpaka Yesu adzabwere, ndipo oimbira adzayamba kuyang'ana kaye ku mipando ya alendo asanalize wezulo. Kodi zikho za aphungu sitiziona, zimene zimamera chaka cha chisankho ngati bowa? Iwo ankandimvetsera mpaka ndimalize, kenako n'kufunsa kuti chabwino, boma ayi, nanga ndani? Apo ndiye ndinkangoyamba kutembenuza usipa.

Mu 2003 alamu athu, Che Yusufu a ku Senga Bay, amuna a mlongo wathu Margret, anamira ndi mwera. Mu 2005 Margret nayenso anatisiya. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Shukuru, anali ndi zaka khumi. Malemu, monga malume wake ndi mwinimbumba, anamutenga. Anamulera osamusiyanitsa ndi ana awo, Lachisanu ankamuperekeza okha mpaka pakhomo la mzikiti, ndipo madzulo ankamuphunzitsa mpira pamchenga, akutsimphina pambuyo pake. Amene munamuona Shukuru akusewera simufuna kuti ndikuuzeni. Ine ndinaona onse awiri, ndipo ndinene pamaso pa bokosi ili kuti mphwawo anawaposa.

Mu Febuluwale 2015, Shukuru ali ndi zaka makumi awiri, kunabwera akuluakulu a timu ina ya mu ligi yaikulu kuchokera ku Blantyre. Anabwera ndi galimoto yoyera, mipira makumi awiri, yunifolomu yatsopano ndi envulopu. Malemu anawalandira, anawaphera nkhuku, anatulutsa ndi chitini chomwe. Envulopu sanaitsegule. Anapempha chinthu chimodzi chokha: pa pepala palembedwe mzere woti mwanayu akavulala akusewera, timu idzamuchiritsa ndi kumulipira mpaka mgwirizano utatha. Alendowo anaseka. Anati palibe amawakakamiza kulemba zimenezo, ndipo anyamata ofuna mwayi umenewu ali pamzere kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Malemu anatseka chitini chija, nawaperekeza alendowo mpaka pa galimoto.

Iwo ankaganiza kuti ndi nkhani ya masabata awiri. Ankati n'kosatheka kuti dziko lonse lisakhale ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyankha funso limeneli. Anakwera kabaza mpaka pa msewu, minibasi mpaka ku Salima. Kumeneko a ku ofesi ya boma anawauza kuti nkhaniyo ndi ya oyendetsa mpira. Oyendetsa mpira anati ndi nkhani ya matimu awiriwo, akagwirizane okha. Anapita ku Lilongwe, anadikira pa benchi masiku awiri, ndipo bwana wina waulemu wake anawafotokozera kuti boma likangoika dzanja mu mpira, bungwe la mpira la dziko lonse lapansi likhoza kutiletsa kusewera ndi maiko ena. Anabwera kuno osakwiya, koma odabwa, ngati munthu amene waona nkhuku ya miyendo itatu. Anandiuza kuti apeza chinthu chachilendo: ng'ombe imene aliyense amakama, koma ikathyola khola palibe mwini wake. Analemba makalata khumi ndi anayi. Awiri anayankhidwa, onse owathokoza chifukwa chokonda masewera.

Nthawi yonseyi khadi la Shukuru linali m'chitini. Abale, apa ndi pamene banja lathu linang'ambika, ndipo sindinama, ine ndinali mbali ya mwanayo. Ndinapita kunyumba kwa achimwene n'kuwanena mawu amene mng'ono sayenera kunena. Ndinati mukulanga mwana wamasiye chifukwa cha mwendo wanu. Tinaitanitsa bwalo la banja. Shukuru anagwada pamaso pa amalume ake, misozi ili chuchuchu, nanena kuti mwendo ndi wake, ukathyoka adzalira yekha, amulole apite. Malemu anayankha kuti mawu omwewo anawanenanso iwo ali ndi zaka makumi awiri, ndipo pa tsiku lothyoka sanalire okha, analira ndi amayi athu. Mwa Chichewa chathu mawu a malume ndiwo otsiriza. Bwalo linatha choncho.

Mu Epulo 2016, Mbenji atatsegulidwa, Shukuru anakwera boti kukayamba usodzi kumeneko. Nsapato zake za mpira anazisiya pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo, kwa zaka zisanu ndi zinayi, sanawapatse moni amalume ake. Akakumana pa msewu ankakhotera ku chigayo. Pa maliro ankakhala mbali ina. Akabwera ndi utaka ankatumiza dengu kunyumba, koma ndi uthenga woti ndi la mayi Scholastica. Malemu ankadya nsombazo osafunsa kanthu, ndipo amene mukuwadziwa mukudziwa kuti kusafunsa kwa a Bwanji kunali kulira.

Timu ya ku Blantyre ija inatenga anyamata ena awiri a tsidya la dambo ili, Precious ndi Emmanuel. Precious anasewera bwino, anapita kunja, ndipo nyumba ya malata ofiira imene mumaiona mukamapita ku Senga Bay anamangira amayi ake ndi iyeyo. Emmanuel anang'ambika bondo m'chaka chachiwiri. Anamubweza ndi thiransipoti yokha. Lero amatchaja mafoni pamsika, ndipo wandilola kuti ndimutchule, wakhala apo pafupi ndi akwaya. Malemu ankawayendera onse awiri. Ankaima kutsogolo kwa nyumba ya malata ofiira, kenako n'kukakhala pa benchi ya Emmanuel, n'kubwera kwa ine ndi funso lomwelomwelo, loti mwa awiriwa Shukuru akanakhala uti. Mu 2018 malemu anasaina chikalata chomumasula Shukuru, koma panalibenso timu imene inkamufuna, ndipo manyazi anawaletsa kukamupatsa. Chinabwerera m'chitini.

Mu 2023 anapezeka ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anapitiriza kupita ku bwalo, atakhala pa mpando wapulasitiki, mpaka mu Malichi chaka chino pamene miyendo inayamba kutupa. Nthawi imeneyo chilumba chinali chotseka, ndipo Shukuru anali kumtunda kuno akusoka maukonde. Malemu anatuma alamu anga kuti akamupatse chitini chonse, timu ikhale yake. Ine ndinati mwapenga, munthu wosakulankhulani mukumupatsa timu? Anati palibe wina kuno amene amaudziwa mpira ngati iye, komanso akufuna aone kuti achita bwanji. Mpaka pa matenda, chidwi chokhachokha! Shukuru analandira chitinicho n'kuchitsegula. Pamwamba penipeni anapeza khadi lake, chithunzi cha mnyamata wopanda ndevu, ndi chikalata chija cha 2018.

Mu Meyi, timu ina ya mu ligi yaikulu inabwera kudzafuna Chisomo, mnyamata wa Ncheni wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mwana wa mayi wamasiye wogulitsa mandasi pa sukulu. Pepala lawo linali ngati lija la 2015, mzere uja munalibe. Shukuru anasaina ataimirira, pa boneti ya galimoto, alendowo asanamalize n'kulankhula komwe. Mudzi wonse unati wachita bwino, inenso ndinatero. Nkhani itafika kwa malemu, anangogwedeza mutu n'kupempha kuti awagulire mabatire a wailesi.

Zimene zinatsatira ndinazimva kwa asodzi anzake a ku Mbenji. Akuti Loweruka lililonse Shukuru ankasiya maukonde, n'kukakhala yekha pamwala ndi kawailesi. Owulutsa mpira akangonena kuti wina wagwa, iye ankaimirira. Nsima ankaisiya. Amayi a Chisomo akamuimbira foni, ankayamba wayang'ana kaye foniyo nthawi yaitali asanayankhe, poopa kuti amva zoti mwana wavulala. Anzake anayamba kumufunsa ngati akudwala, chifukwa thalauza linayamba kumukhwepa.

Pa 18 Ogasiti malemu anagonekedwa pa chipatala cha Salima. Loweruka pa 23 Ogasiti, cha m'ma hafu pasiti thu masana, ndinali pambali pa bedi lawo, kawailesi kali pa pilo, timu ya Chisomo ikusewera. Ndinangoona munthu waima pakhomo la wodi, zovala zikununkha utsi wa nsomba. Anali Shukuru. Sanapereke moni. Anakoka sitolo n'kukhala mbali inayo ya bedi, ndipo tonse atatu tinamvetsera mpira ngati tinapangana. Chigawo chachiwiri chili pakati, owulutsa anakuwa kuti Chisomo wagwetsedwa moipa, sakudzuka, a machira akulowa m'bwalo. Abale anga, sindinaonepo nkhope ziwiri zofanana ngati zimene zija. Shukuru anagwira dzanja la amalume ake, kuligwira zolimba mpaka singano ya diripi inatsala pang'ono kuzuka. Panapita mphindi mwina zitatu. Kenako tinamva kuti mnyamatayo wadzuka, akutsimphina pang'ono, wabwerera m'bwalo. Dzanja lija sanalisiye mpaka mpira unatha. Ine ndinatuluka panja, chifukwa mwamuna wa zaka zanga kulira mu wodi ya anthu n'zochititsa manyazi.

Shukuru sanabwererenso ku chilumba. Ndi iye amene ankawatembenuza ndi kuwamwetsa phala masiku awiri otsalawo. Lolemba pa 25 Ogasiti 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, a Edmund Kafanikhale anatisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Scholastica. Ana anayi, Lilian, Ufulu, Sungeni ndi Alex. Mphwawo amene anamulera, Shukuru. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndi ine mng'ono wawo, amene ndatsala ndekha mwa ana asanu aja, wopanda wokangana naye.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Salima, a mpingo ndi amayi a chigwirizano amene akhala nafe kuyambira Lolemba, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya malemu, abale a ku mzikiti amene abweretsa mpunga ndi nkhuni, asodzi a ku Mbenji amene asiya utaka uli pachimake n'kuwoloka, anyamata a Ncheni United, ndi amayi a pa thandala amene atseka malonda awo lero. Inu akuluakulu a zamasewera, zikomo chifukwa cha nkhata ya maluwa. Ine maganizo anga pa za boma sindinasinthe kwenikweni, koma funso la achimwene lija, loti boma ayi nanga ndani, ndalephera kuliyankha zaka pafupifupi makumi atatu. Mulitenge popita. Chisomo akuseweranso Loweruka likubwerali, ndipo pepala lake likadali lopanda mzere uja.

Pomaliza, m'mawa uno Shukuru anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndinene mawu ake m'malo mwake. Wati ndisanene kuti amalume ake analondola, chifukwa mpaka lero sakudziwa, ndipo zaka zake za mpira zinapita, sizidzabweranso. Koma wati ndikuuzeni kuti mantha amene iye wawasenza miyezi itatu yokha, chifukwa cha mwana wa eni, atsala pang'ono kumumaliza. Amalume ake anawasenza zaka khumi chifukwa cha iye, okhaokha, ife tonse tikuwanena kuti ndi ouma mtima. Wapempha kuti ponyamula bokosi, iye agwire kumutu. Banja lavomera.

Achimwene, a Phiri, a Bwanji, mwana wanu uja wabwera, ndipo ndi amene akuperekezeni. Mzimu wanu uuse mumtendere.